Tipa ikakana kukhuthula: kusaka masipeya ku Brakpan

Galimoto ya tipa imene injini yake ikulira bwino, matayala ali amoyo ndipo mabuleki akugwira, koma bodi yake ikukana kukwera, imakhala yataya ntchito imene idagulidwira. Ikhoza kupita kudambo kukasenza mchenga, koma ikafika pamene akumanga sukulu kapena mlatho pamafunika anyamata angapo ndi mafosholo kuti atsitse katundu amene makina akadakhuthula m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Maulendo a patsiku amachepa, amisiri amakhala manja lende kudikira mchenga, ndipo mwini galimoto amayamba kulephera kubweza ngongole ndi kulipira dalaivala.

Kawirikawiri chimene chawonongeka sichikhala chachikulu. Imakhala kebulo imene yaduka, valavu yokwana m'manja, kapena pampu imene munthu akhoza kuinyamula m'chikwama. Vuto ndi lakuti galimotoyo idapangidwa zaka 25 kapena 30 zapitazo, ndipo mwini wake akazungulira m'masitolo a ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena ku Biwi mumzinda wa Lilongwe amauzidwa kuti sipeya yotero idasiya kubwera. Apa m'pamene eni matipa ambiri a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete amayamba kuganiza za ku Joni, makamaka matauni a kum'mawa kwa Johannesburg monga Brakpan, kumene kuli magalaja, mafakitale ndi malo ophwasulirako magalimoto akuluakulu.

Ndi zoona kuti kumeneko masipeya ambiri amapezeka. Koma amapezeka kwa munthu amene akudziwa chenicheni chimene akufuna. Ambiri amene amataya ndalama pa ulendowu amazitaya chifukwa amapita atangonyamula dzina la galimoto.

Tauni ya migodi imene idasiya luso la zitsulo

Brakpan ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa Johannesburg. Dzina lake ndi la Chiafrikaans ndipo limanena za thamanda la madzi a mchere limene lidali pamalopo. Malasha adapezeka m'derali m'chaka cha 1888, migodi ya golide idatsatira, ndipo mu 1919 Brakpan idakhala tauni yoima payokha itachoka pansi pa Benoni. Kuyambira m'chaka cha 2000 ili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni pamodzi ndi Benoni, Boksburg, Germiston, Springs, Kempton Park ndi matauni ena a dera limene kale linkangotchedwa East Rand.

Migodi yambiri ya pansi pa nthaka idatsekedwa, koma idasiya zinthu ziwiri. Choyamba ndi milu ya mchenga wachikasu, imene kampani ya DRDGOLD imaichapanso pa fakitale yake ya Ergo ku Brakpan kuti ipeze golide wotsalira. Chachiwiri ndi luso. Kwa zaka zoposa 100 migodi inkafuna anthu odziwa kusungunula zitsulo, kuzisema pa makina ndi kukonza mapampu, ndipo mafakitale amene adabadwa chifukwa cha ntchitoyi adakalipo m'madera monga Vulcania ku Brakpan, Apex ku Benoni, Jet Park ku Boksburg, Wadeville ku Germiston komanso Spartan ndi Isando ku Kempton Park. Onsewa ndi oyandikana, moti munthu wa galimoto akhoza kufika m'malo angapo tsiku limodzi.

Amalawi si alendo m'derali. Makolo athu ankafika kuno kudzera ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi. Ngozi ya ndege ya ku Francistown mu April 1974, imene idapha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, idachititsa Dr Hastings Kamuzu Banda kuletsa kulemba anthu ntchitoyi. Kulembako kudayambanso mu 1977 kudzera ku Theba ndipo kudatha mu 1988. Masiku ano Amalawi a ku East Rand amagwira ntchito m'magalaja, m'mafakitale, m'nyumba za anthu ndi pa zomangamanga, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene achibale akumudzi amawatuma kuti akafufuze sipeya. Munthu wotumidwayo akhoza kukhala wokhulupirika, koma ngati wangouzidwa kuti akagule valavu ya Nissan yakale, wapatsidwa ntchito yosatheka.

Chimene chimakweza bodi

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa m'mene tipa imakhuthulira katundu. Mphamvu imachokera ku injini ndi kudutsa mu giyabokosi. Pambali kapena kumbuyo kwa giyabokosi pamamangidwa kabokosi kena ka magiya kamene amakaniko amakatcha PTO. Dalaivala akaponda kilatchi ndi kulowetsa PTO, kabokosika kamayamba kuzungulitsa pampu. Pampu imakoka oyilo mu thanki ndi kumukankhira ku valavu, ndipo valavu ndiyo imalamula kumene oyilo apite. Ikamutumiza ku silinda, imene imagwira ntchito ngati jeki yaikulu, bodi imakwera. Ikamutsekera, bodi imaima pomwe ili. Ikamutsegulira njira yobwerera ku thanki, bodi imatsika ndi kulemera kwake komwe.

Mphamvu zimene zili m'mapayipi amenewa ndi zoopsa. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa mabaa pafupifupi 2, pamene oyilo wa tipa ambiri amafika cha m'ma 200. Mphamvu imeneyi ikakankha silinda ya masentimita 12 m'lifupi mwake imatha kunyamula matani oposa 20. N'chifukwa chake tipa ya makyubiki mita 10, imene mchenga wake umalemera matani 15 kapena kuposerapo ukakhala wonyowa, imakhuthula mopanda vuto. N'chifukwa chakenso pamakhala kavalavu kena kotetezera, kamene kamabweza oyilo ku thanki mphamvu ikapyola muyezo, ndi kachipangizo koimitsa bodi ikafika pamapeto kuti isagadabuzike.

Dalaivala amalamula zonsezi ali m'kati mwa galimoto, ndipo pali njira zitatu zolumikizira dzanja lake ndi valavu. Matipa akale ambiri, makamaka ochokera ku Japan, amagwiritsa ntchito chogwirira chachitsulo ndi kebulo kapena timitengo ta chitsulo. Ena amagwiritsa ntchito mpweya wochokera m'matanki a galimoto, umene umakhala cha m'mabaa 8. Atsopano amagwiritsa ntchito masiwichi a magetsi. Zipangizo zolamulirazi ndizo zimayamba kutopa, chifukwa zimagwiridwa kambirimbiri tsiku lililonse ndipo mbali yake ina imakhala pansi pa galimoto m'fumbi ndi m'matope.

Dzina la pamphuno silinena zonse

Chimene eni matipa ambiri sadziwa ndi chakuti tipa imapangidwa ndi makampani angapo. Kampani ya galimoto, kaya ndi Mercedes-Benz, Isuzu, Hino kapena Nissan Diesel imene kuyambira mu 2010 imatchedwa UD Trucks, imapanga injini, chasisi ndi mutu wokhalamo dalaivala. Bodi imamangidwa ndi kampani ina. Omanga bodiwo nawo amagula pampu, valavu, silinda ndi PTO kwa makampani odziwa za hydraulic, monga Hyva imene idayambira ku Netherlands, Edbro ya ku Bolton ku England, Meiller ya ku Munich, Binotto ndi OMFB a ku Italy kapena Bezares ya ku Spain. Ku Japan mabodi ambiri a matipa amamangidwa ndi ShinMaywa ndi Kyokuto.

Izi zikutanthauza kuti magalimoto awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi akhoza kukhala ndi zokwezera bodi zosiyana kotheratu. Wogulitsa masipeya a kampani ya galimoto akaika nambala ya chasisi mu kompyuta, kawirikawiri amaona za injini ndi mabuleki, koma za bodi sizioneka. Akanena kuti sipeyayo palibe amakhala akunena zoona, koma munthuyo wafunsa pakhomo polakwika. Khomo loyenera ndi la ogulitsa ndi kukonza zipangizo za hydraulic.

Palinso chinthu china chimene chimasokoneza Amalawi. Dziko la South Africa limaletsa kulowetsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuti agulitsidwe m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zapadera. Matipa ambiri a ku Malawi adabwera kuchokera ku Japan ndi ku Britain atagwirako kale ntchito, kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Mitundu ina ya magalimotowa sidagulitsidwepo ku South Africa, choncho m'malo ophwasulira magalimoto a ku East Rand simungapezeke ofanana nawo ndendende. Ngakhale nambala ya chasisi imasiyana: magalimoto opangidwira msika wa m'kati mwa Japan amakhala ndi nambala yaifupi, osati ya zilembo 17 imene makompyuta ambiri a ku South Africa amayembekezera.

Magalimoto akale a ku South Africa komweko nawo ali ndi mbiri yawoyawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma la tsankho, poopa zilango za mayiko akunja, lidalimbikitsa kuti mainjini azipangidwa m'dzikomo. Fakitale ya Atlantis Diesel Engines pafupi ndi Cape Town inkapanga mainjini a Mercedes-Benz ndi Perkins ndi chilolezo cha eni ake, ndipo ku Boksburg kampani ya ASTAS inkapanga magiyabokosi a mtundu wa ZF. Motero galimoto ya dzina la Chijapani imene idamangidwa ku South Africa m'zaka zimenezo ikhoza kukhala ndi injini ya ADE ndi giyabokosi ya kapangidwe ka ku Germany. Popeza PTO imamangidwa pa giyabokosi, nambala imene imafunika ndi ya giyabokosiyo.

Pezani nthenda musanagule mankhwala

Safunsa adadya phula. Ndalama zambiri zimatayika chifukwa mwini galimoto amagula pampu yatsopano pamene pampu yakale idalibe mlandu. Bodi ikakana kukwera, makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi zinthu zosalira ndalama. Amaona ngati oyilo ali wokwanira mu thanki. Amamvetsera ngati PTO ikulowadi, chifukwa kebulo ikatamuka kapena mpweya ukachepa, chogwirira chimasuntha koma magiya osakumana. Amatsegula sefa ya mu thanki kuona ngati yatsekeka. Oyilo akamachita thovu ndiye kuti payipi yokokera ikulowetsa mpweya, ndipo akayera ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi.

Zikatha izi pamafunika geji yoyezera mphamvu ya oyilo. Chipangizochi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa pampu, koma magalaja ambiri ang'onoang'ono alibe. Geji ndiyo imathandiza kusiyanitsa pampu yotha ndi kavalavu kotetezera kamene kangokakamira kali kotsegula. Bodi imene imakwera yopanda katundu koma n'kulephera ikasenza imaloza ku chimodzi mwa ziwirizi. Bodi imene imatsika yokha pang'onopang'ono dalaivala ataiimitsa imaloza ku valavu yodontha m'kati kapena ku timalabala totchinga oyilo ta mu silinda. Bodi imene yakwera n'kukana kutsika kawirikawiri imakhala kuti kebulo yaduka kapena valavu yagwidwa ndi dzimbiri.

Ndi bwinonso kufunsa chimene chidapha sipeya yakale, chifukwa chikapanda kuchotsedwa chidzaphanso yatsopano. Dalaivala amene amalowetsa PTO osaponda kilatchi amakukuta mano a magiya. Amene amaiwala kuichotsa n'kuyamba kuthamanga pamsewu amaotcha pampu. Amene amathira oyilo wakuda wochotsedwa mu injini m'malo mwa oyilo wa hydraulic amalowetsa tizitsulo tosaoneka ndi maso timene timapala valavu m'kati. Kusenzetsa katundu wopyola muyezo kumamaliza zonse.

Zoyenera kunyamula

Amene akupita kapena kutuma munthu ku East Rand ayenera kukonzekera ngati wopita kukhoti. Umboni woposa wonse ndi sipeya yakale yomweyo, ngakhale itathyoka. Siyenera kutayidwa kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha yatsopano isanamangidwe ndi kuyesedwa. Ngati singathe kutumizidwa, ijambulidwe ndi foni mbali zonse, tepi yoyezera ili pambali pake.

Chachiwiri ndi manambala. Pa giyabokosi, pa PTO, pa pampu, pa valavu ndi pa silinda pamakhala timalata ting'onoting'ono kapena zilembo zodindidwa pachitsulo. Kawirikawiri zimakhala zitakwiririka ndi girisi kapena penti, koma zikatsukidwa ndi palafini zimawerengeka. Bodi nayo imakhala ndi kalata kosonyeza kampani imene idaimanga.

Manambala akafufutika pamatsala kuyeza. Pa pampu ayenera kudziwika mabawuti amene imamangidwira, chifukwa zina zimakhala ndi atatu ndipo zina anayi, kuchuluka kwa mano a shafiti yake, ndiponso mbali imene imazungulira. Pampu yozungulira kumanja ikamangidwa pamalo ofuna yozungulira kumanzere siikoka oyilo ndipo imaphulitsa labala yake nthawi yomweyo. Pa mapayipi payenera kudziwika mtundu wa mazinga. A BSP, a JIC, a NPT ndi a metric amaoneka ofanana ndi maso, koma akakakamizidwa kulowana amadontha kapena kuthyoka. Pa kebulo pafunika utali wake wonse, mtunda umene imayenda ikakokedwa ndi maonekedwe a nsonga zake zonse ziwiri. Pa zamagetsi pafunika kudziwa ngati galimoto ili ya mavoti 12 kapena 24.

Njira zinayi

Munthu amene wafika ndi zonsezi amakhala ndi njira zinayi. Yoyamba ndi kugula yatsopano yolowa m'malo mwa yakale. Ubwino wa zipangizo za hydraulic ndi wakuti zambiri zimapangidwa motsatira miyezo yofanana, moti pampu ya kampani ina imatha kukhala pamalo pa inzake malinga ngati mabawuti, shafiti, kazunguliridwe ndi kuchuluka kwa oyilo amene imapopa zikugwirizana. Pampu yaikulu kuposa muyezo imakweza bodi mothamanga ndi kutenthetsa oyilo, pamene yaing'ono imachedwetsa ntchito.

Yachiwiri ndi kugula yogwiritsidwa kale ntchito m'malo ophwasulira magalimoto. Mtengo umakhala wotsika, koma pampu kapena valavu siionetsa kutha kwake kunja. Wogula afunse ngati idayesedwa ndipo alembetse pa lisiti kuti akhoza kuibweza ikapezeka yakufa. Lamulo la South Africa la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogulitsa katundu wotere alembetse kupolisi ndi kusunga kaundula wa zimene agula ndi kugulitsa. Wogulitsa amene akukana kupereka lisiti ndi wofunika kumuthawa, chifukwa katundu wakuba amagwiritsa wogula yemwe.

Yachitatu ndi kukonzetsa yakale, ndipo apa m'pamene luso la ku East Rand limaonekera. Kuli magalaja amene amapanga kebulo yatsopano potengera yakale, amene amadula timalabala totchinga oyilo molingana ndi muyezo, ndi amene amawongola silinda ndi kuikutanso chitsulo chonyezimira. Kwa tipa yochokera ku Japan imene masipeya ake sapezeka pa shelefu, njira imeneyi nthawi zambiri ndiyo yachidule.

Yachinayi ndi kusinthiratu. M'malo mosakasaka chogwirira ndi kebulo za zaka 30, mwini galimoto akhoza kuika valavu yatsopano yolamulidwa ndi mpweya pamodzi ndi chogwirira chake, zimene zimagulitsidwa pamodzi ndipo masipeya ake adzapezekabe m'tsogolo. Izi zimatheka pa galimoto imene ili ndi matanki a mpweya. Mpweyawo uyenera kutengedwa pa njira yothandizira imene ili ndi valavu yotetezera, osati pa payipi ya mabuleki, chifukwa kapayipi ka tipa kakaphulika galimoto ikhoza kutsala yopanda mabuleki. Njira imeneyi imalira ndalama zambiri poyamba, koma imachotsa galimoto m'gulu la zosowa masipeya.

Ulendo wobwerera kumudzi

Sipeya ikapezeka pamatsala ulendo wa makilomita pafupifupi 1,700 kukafika ku Blantyre, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Opita ku Lilongwe amalowera pa Dedza. Katundu wamng'ono amayenda ndi mabasi kapena ndi amalonda onyamula katundu wa anthu. Silinda yaikulu imafuna thiraki, ndipo iyenera kukhuthulidwa oyilo ndi kutsekedwa pakamwa kuti fumbi lisalowe.

Mtengo weniweni wa sipeya ndi woposa wa pa shelefu. Pamakhala msonkho wa VAT wa 15 peresenti wa ku South Africa, ndalama ya onyamula, ndi msonkho wa bungwe la MRA pachipata. Ena amaganiza kuti katundu aliyense wogulidwa ku South Africa amalowa mopepuka chifukwa cha mgwirizano wa zamalonda wa SADC, koma mwayiwo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawochi ndipo umafuna chikalata chotsimikizira kumene adapangidwa. Pampu yopangidwa ku Italy imakhalabe ya ku Italy ngakhale itagulidwa ku Boksburg. Pamwamba pa izi pali kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri chilichonse chogulidwa ndi randi chidakwera mtengo tsiku lomwelo. Kugula sipeya yolakwika m'nyengo yotere ndi kulipira kawiri ndalama zimene zidavuta kupeza kamodzi.

Pafunikanso kusamala ndi akathyali. Alipo amene amaika pa Facebook ndi pa WhatsApp zithunzi za masipeya amene alibe, n'kupempha kuti ndalama zitsogole. Apa m'pamene wachibale wa ku Tsakane, ku Benoni kapena ku Springs amathandiza kwenikweni: kupita ndi mapazi ake, kuona kuti sitoloyo ilipodi, kulinganiza sipeya yatsopano ndi yakale maso ndi maso, ndi kulipira ataigwira m'manja. Nayenso ndi woyenera kumuganizira, chifukwa tsiku limene wathera pa ntchitoyi ndi tsiku limene sadalandire malipiro kwa bwana wake.

Waya ndi chikuni sizilowa m'malo mwa sipeya

Sipeya ikachedwa, ngongole siidikira, ndipo m'pamene anthu amayamba njira zachidule. Kebulo ikaduka, wothandizira dalaivala amatumidwa kukagwedeza valavu ndi dzanja ataima pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi. Kachipangizo koimitsa bodi kakavuta kamangochotsedwa. Kavalavu kotetezera kamamangitsidwa mpaka kumapeto kuti bodi ikwere ndi katundu wopyola muyezo. Njira zonsezi zimaika moyo wa munthu pachiswe, ndipo munthuyo kawirikawiri amakhala mnyamata waganyu amene alibe inshuwalansi kapena kalata ya ntchito.

Bodi yokwezedwa imaimira pa oyilo yekha. Payipi ikaphulika kapena wina akakhudza valavu, matani a chitsulo amatsika mofulumira kuposa m'mene munthu angathawire. Palibe amene ayenera kulowa pansi pa bodi popanda kuichirikiza ndi chitsulo chimene chidapangidwira ntchitoyo, ndipo bodiyo ikhale yopanda katundu. Malo odontha asafufuzidwe ndi dzanja, chifukwa oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono ndi mphamvu yotere amaboola khungu. Bala lake limaoneka ngati la minga, koma limafuna opaleshoni mwamsanga ndipo likachedwa chala kapena dzanja limadulidwa. Tipa isakhuthule pamalo opendekeka kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndipo isayende bodi isadatsike bwinobwino.

Phunziro kwa ogwira ntchito za chitukuko

Nkhani imeneyi ikhoza kuoneka ngati ya amakaniko okha, koma ikukhudza ntchito zambiri za chitukuko. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera kwa Malawi mu March 2023, ntchito yokonzanso idafuna mchenga, miyala ndi dothi lochuluka. Makampani akuluakulu amabwera ndi magalimoto awo atsopano, koma midadada ya sukulu, zipatala zazing'ono ndi misewu ya kumidzi zimadalira makontirakitala ang'onoang'ono, amene chuma chawo chonse ndi tipa imodzi kapena ziwiri zakale. Tipa yotero ikaima mwezi wathunthu, nyengo yomanga imafupika ndipo mvula imapeza maziko ali poyera.

Pali zinthu zimene zingachitike popanda kudikira thandizo lalikulu. Mwini tipa aliyense akhale ndi kope m'mene alembemo manambala a giyabokosi, PTO, pampu, valavu ndi silinda galimoto idakali yamoyo, pamodzi ndi tsiku limene oyilo ndi sefa zidasinthidwa. Makhonsolo ndi mabungwe omwe si aboma amene amagula kapena kulandira magalimoto ngati mphatso afunse za zipangizo za bodi asadavomere, ndipo aike padera ndalama zokonzera, chifukwa m'mabwalo a maofesi ambiri muli magalimoto amene adaima kaamba ka kachipangizo kamodzi. Eni matipa a dera limodzi akhoza kusonkherana kugula geji, kuitanitsa masipeya pamodzi ndi kugawana mtengo wa ulendo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachikulu ndi maphunziro. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu, ali ndi mwayi wosula achinyamata odziwa za hydraulic, luso limene limagwiranso ntchito pa mathirakitala, makatapila ndi makina okumba mijigo. Amalawi amene akugwira ntchito m'magalaja a ku Ekurhuleni aphunzira kale zambiri mwa izi ndi manja awo, ndipo ena mwa iwo adzabwerera kwawo. Makina opanikizira mapayipi, makina osemera zitsulo ndi benchi yoyezera mapampu ndi zokwanira kutsegula galaja imene ingakonze ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete zambiri mwa zimene lero zimatumizidwa ku Joni. Mabungwe obwereketsa ndalama kwa amalonda ang'onoang'ono angachite bwino kuika amisiri oterewa pa mndandanda wa oyenera ngongole.